Kakonzedwe ka sukulu yakale ya nthawi ya tsankho popanda kufafaniza mbiri yake

M'midzi ina ya m'boma la Nkhotakota, kuseri kwa midadada yatsopano ya mabuloko a simenti, mumapezeka nyumba yakale ya njerwa zofiira, ya mazenera opanda magalasi ndi khonde logumuka, imene masiku ano imangosungira nkhuni zophikira phala ndi madesiki othyoka. Ana amaidutsa osaiyang'ana n'komwe, koma mukafunsa agogo a pamudzipo adzakuuzani kuti iwo adaphunzirira momwemo Sub A ndi Sub B, pa nthawi imene mwana wachikuda ndi mwana wachizungu sankakhala m'kalasi imodzi m'dziko la Nyasaland. Malangizo ali munowa ndi a anthu amene aganiza zokonza nyumba yotere, kaya ndi komiti ya sukulu, akuluakulu a mpingo kapena gulu la anthu omwe adaphunzira pamalopo. Chofunika kumvetsa musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi n'chakuti kukonza nyumba yakale si kumanga yatsopano pamalo pa yakale, ndipo mmisiri wodziwa kumanga mofulumira ndi yemweyo amene angaiwononge mofulumira mukapanda kumufotokozera chimene mukufuna.

Ntchito yotereyi ena adaiyamba kale. Kummwera kwa dziko la United States, kumene malamulo adalekanitsa sukulu za azungu ndi za anthu akuda kufikira khoti lalikulu la dzikolo litagamula mu 1954 kuti tsankho lotero n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko, kudamangidwa sukulu zakumudzi zodziwika ndi dzina la Rosenwald. Ganizo lake lidachokera kwa Booker T. Washington, mtsogoleri wa sukulu ya Tuskegee ku Alabama, ndipo gawo lina la ndalama lidachokera kwa Julius Rosenwald, mkulu wa kampani ya Sears, Roebuck. Atagwirizana mu 1912 adayamba ndi sukulu zisanu ndi imodzi pafupi ndi Tuskegee, ndipo pofika 1932 sukulu zotere zidafika pafupifupi 5,000 m'zigawo 15 za dzikolo. Thumba la Rosenwald silinkalipira zonse. Zopereka za anthu akuda eni ake, monga ndalama, malo, matabwa ndi ntchito ya manja awo, zikawerengedwa pamodzi zidaposa zimene thumbalo lidapereka. Tsankho la m'sukulu litathetsedwa nyumbazi zidasiyidwa ndipo zambiri zidagwa kapena kugwetsedwa, mpaka mu 2002 bungwe la National Trust for Historic Preservation lidaziika pa mndandanda wa malo a mbiri omwe ali pachiopsezo chachikulu. Zina mwa zomwe zidatsala zakonzedwa n'kusanduka malo a misonkhano ndi osungiramo mbiri ya anthu a m'deralo.

Nkhaniyi siili kutali ndi ife monga momwe ingamvekere. Mu 1924 nthumwi za bungwe la ku America loona za maphunziro la Phelps-Stokes, pamodzi ndi mphunzitsi James Aggrey wa ku Gold Coast (Ghana ya lero), zidayendera sukulu za ku Nyasaland zili ndi maganizo a ku Tuskegee m'mutu. Boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi yake ya maphunziro mu 1926, ndipo sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes ku Domasi, yomwe idatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, idatenga dzina la Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia amene adapereka chuma chake kuthandiza sukulu zakumudzi za anthu akuda ku America. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, maphunziro a ana achizungu ndi achimwenye ankayendetsedwa ndi boma la chitaganya, pamene a ana achikuda adasiyidwa m'manja mwa boma la Nyasaland ndi amishoni. Kusiyana kwenikweni kuli pa zomangira: sukulu zambiri za Rosenwald zidali za matabwa, pamene zathu ndi za njerwa zomangidwa ndi dothi kapena laimu, choncho tingatengere kwa anzathuwo kayendetsedwe ka ntchito, koma luso la manja liyenera kukhala lathu.

Mwini wake ndani, nanga idzagwira ntchito yanji?

Musanakhudze njerwa iliyonse, fufuzani mwini nyumbayo ndi mwini malo pamene yaimapo, chifukwa nthawi zambiri amakhala anthu osiyana. Sukulu zambiri zakale zidayambitsidwa ndi mipingo, monga mishoni ya Angilikani ya UMCA yomwe idakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, ndipo mpaka lero mpingo umatengedwa kuti ndiwo mwini sukulu ngakhale aphunzitsi amalipidwa ndi boma, pamene malo adaperekedwa ndi mfumu zaka zambiri zapitazo popanda pepala lililonse. Pitani kwa a mfumu poyamba monga mwa mwambo, kenaka kwa akuluakulu a mpingo, kwa aphunzitsi aakulu, ndi ku ofesi ya maphunziro ku khonsolo ya boma. Lemberaninso nthambi ya boma yoona za malo osungira mbiri ndi zipilala, popeza lamulo la Monuments and Relics limateteza nyumba zina zakale, ndipo nyumba yotetezedwa siisinthidwa popanda chilolezo. Zimene mwagwirizana zilembedwe ndi kusainidwa ndi onse, kuphatikizapo malire a malo ndi dzina la udindo wa munthu amene adzasunge makiyi.

Pa msonkhano womwewo gwirizanani ntchito imene nyumbayo idzagwire ikatha kukonzedwa. Nyumba yokonzedwa bwino koma yotsekedwa imabwerera kwa mileme ndi chiswe pasanathe zaka zambiri. Laibulale, kalasi ya sukulu ya kwacha, chipinda chochitiramo misonkhano ya komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) kapena sikelo ya ana ndi ntchito zimene sizilemetsa nyumba yakale. Kusungiramo feteleza kapena kuphikiramo phala ndi ntchito zoiwononga, ndipo ndi bwino kuzikana poyera kuyambira tsiku loyamba.

Lembani ndi kujambula musanagumule

Gawo ili ndi limene makomiti ambiri amalilumpha chifukwa silioneka ngati ntchito, koma ndi lokhalo limene silingabwezedwe likaphonyeka. Njerwa yogwa imatoledwa, koma gogo wa zaka 85 akatisiya amapita ndi zonse zimene ankadziwa. Yenderani anthu omwe adaphunzira kapena kuphunzitsa m'nyumbayo, aliyense kwawo ndi pa nthawi yomukomera, mupemphe chilolezo chojambula mawu awo pa foni, ndipo mukatero muwaperekeze ku nyumbayo kuti akalozere ndi chala. Mafunso akhale a zinthu zogwirika. Funso lakuti "Agogo, munkalowera khomo liti?" limatulutsa zambiri kuposa lakuti "Sukulu inali bwanji kale?" Funsani kumene kudali bolodi, ngati denga loyamba lidali la udzu kapena la malata, ngati pansi padali pozira kapena pa simenti, chimene ankakhalira, amene adaumba njerwa ndi kumene dothi lake lidakumbidwa. Amayi muwafunse paokha, chifukwa pagulu nthawi zambiri amasiyira abambo kuyankhula, chonsecho ndi iwo amene ankatunga madzi omangira ndipo amakumbukira chifukwa chimene atsikana ambiri sankafika Sitandade 6. Zonena za anthu zikasemphana musasankhe chimodzi n'kutaya chinzake, koma lembani zonse ziwiri pamodzi ndi dzina la wonena.

Zolembedwa nazo zilipo kwa munthu wodekha. Yambani ndi kabati ya mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, momwe mungapezeke logibuku ndi kaundula wakale wa ana, kenaka mabuku a ku parishi ndi ku likulu la dayosizi, ndipo pomaliza nyumba yosungira zikalata za boma ya National Archives ku Zomba. Pofufuza kumbukirani kuti m'mapepala a atsamunda Nkhotakota imalembedwa kuti Kota Kota, ndipo m'zikalata zakale kwambiri boma lonseli linkatchedwa Marimba. Chithunzi chimodzi chakale choonetsa khonde kapena mazenera chimathetsa mkangano umene ukadatha miyezi.

Kenaka jambulani nyumbayo monga momwe ilili, khoma lililonse kunja ndi m'kati, denga kuchokera pansi pake, zenera lililonse ndi chitseko chilichonse, mutaimika ndodo yotalika mita imodzi pambali kuti kukula kwa zinthu kudziwike. Yezani ndi tepi, jambulani mapu a nyumbayo papepala, ndipo patsani zenera ndi chitseko chilichonse nambala imene mulembenso ndi choko pa chinthucho. Musatsuke makoma musanawaunike bwino ndi tochi, chifukwa pansi pa laimu wopakidwa pambuyo pake pamabisala zilembo za afabeti, mayina okandidwa ndi msomali ndi malire a bolodi loyamba. Zithunzi zisungidwe m'mafoni a anthu osachepera atatu, ndipo zofunika kwambiri zisindikizidwe.

Kuyendera nyumba ngati wodwala

Nyumba zakale za m'mbali mwa nyanja zimaphedwa ndi madzi, ndipo chiswe, kuwola kwa mitengo ndi ming'alu yambiri zimangotsatira pambuyo pa madziwo. Choncho kuyendera koyamba kuchitike mvula ikugwa, mutafunda ambulera, kuti muone ndi maso pamene denga likudontha, kumene madzi ochoka pa malata akugwera, ndi pamene akudikha m'mbali mwa maziko. Madzi saiwala khwawa, ndipo ngati mdadada watsopano udamangidwa chakumtunda n'kutseka njira yawo yakale, mudzapeza kuti tsopano akudzera pa khoma la nyumba yanuyo. Kuyendera kwachiwiri kuchitike m'chilimwe pamodzi ndi mmisiri womanga ndi kalipentala. Bayani mtengo uliwonse wa denga ndi msomali wautali, makamaka kumapeto kumene walowa m'khoma, popeza chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu looneka labwino. Gogodani pulasitala ndi chala kuti mumve pamene pakulira ngati ng'oma. Lendewetsani chingwe chomangirira mwala kuchokera pamwamba pa khoma kuti muone ngati lapendekeka.

Ming'alu imafuna kuleza mtima. Si mng'alu uliwonse umene ukuyenda, ndipo ina m'dera lino idabwera ndi chivomerezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989 n'kuima pomwepo, zimene akuluakulu angakutsimikizireni. Kuti mudziwe, matani kachigamba kopyapyala ka pulasitala modutsa mng'aluwo, lembani tsiku pambali pake, ndipo dikirani kuti dzinja lonse lidutse. Kachigambako kakasweka ndiye kuti maziko akusuntha, mwina chifukwa cha madzi, chulu chapansi kapena mizu ya mtengo. Mng'alu wolowa chala, khoma lopendekeka kapena ngodya yolekana ndi inzake si ntchito ya komiti. Chirikizani ndi mitengo yolimba, tchingani malowo kuti ana asafikepo, ndipo itanani injiniya kudzera ku ofesi ya zomangamanga ku khonsolo.

Pali zoopsa zitatu zimene anthu ongodzipereka sazidziwa. Zitosi za mileme zowunjikana m'siling'i zimatha kuyambitsa matenda a m'mapapo zikapumidwa ngati fumbi, choncho ziwazidwe madzi zisanakokoledwe ndipo ogwira ntchito avale masiki. Penti wakale wa pa zitseko ndi mafelemu nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana, choncho asapalidwe wouma kapena kuwotchedwa, koma anyowetsedwe, apalidwe pang'onopang'ono, ndipo zopalidwazo zisonkhanitsidwe papepala la pulasitiki. Chachitatu ndi malata kapena siling'i ya asibesitosi, yotuwa ngati simenti, imene siyenera kuswedwa, kubooledwa kapena kuchekedwa, ndipo kuichotsa kumafuna anthu ophunzitsidwa. Pa zifukwa zimenezi ana asukulu asatumidwe kukasesa m'nyumbayo ngati chibalo.

Denga ndi nthaka poyamba, penti pomaliza

Ndalama zikachepa, monga zimachepera nthawi zonse, ziyambe zapita ku denga. Ngakhale musanapeze za malata, lona womangidwa bwino amapulumutsa khoma la dothi dzinja limodzi. Potsitsa denga musagwetse zonse nthawi imodzi, koma chotsani chigawo chimodzi, konzani, folerani, kenaka pitani pa china. Mitengo yakale ya mlombwa, mbawa kapena mkungudza imene ikadali yolimba isatayidwe chifukwa chakuti nsonga yake yawola. Kalipentala waluso amadula chowolacho n'kulumikiza chidutswa chatsopano ndi mabawuti, ndipo mtengo wotero umaposa paini watsopano kutalitali. Mkungudza watsopano musaufune n'komwe, popeza mtengowu watsala pang'ono kutheratu pa phiri la Mulanje ndipo ndi wotetezedwa. Pamene pakufunika mtengo watsopano gulani wouma bwino ndi wothiridwa mankhwala a chiswe. Sungani kutsetsereka kwa denga ndi kutalika kwa khonde monga zidalili, chifukwa khonde lalitali lija silidali lokongoletsa chabe, lidali lotchinjiriza khoma ku mvula ndi kalasi ku dzuwa la Okutobala. Mangirirani mitanda ku khoma ndi zitsulo kapena waya wolimba, pokumbukira mwera wa miyezi yozizira ndi mphepo yamkuntho imene imadza ndi mvula yoyamba.

Denga likatha, tsikirani pansi. Pa zaka makumi ambiri dothi lokokoloka ndi zinyalala zosesedwa zimakwera m'mbali mwa khoma mpaka kupitirira msinkhu wa pansi pa m'kati, ndipo chinyezi chimalowa m'njerwa. Palani dothilo kuti kunja kutsike masentimita osachepera 15 poyerekeza ndi m'kati, koma musakumbe mpaka kuvundukula maziko. Nthaka itsetserekere kunja mbali zonse, ndipo ngalande ikumbidwe patali pang'ono ndi khoma kuti itenge madzi a padenga. Kachere kapena mtengo wina womera m'khoma usazulidwe ndi mphamvu, chifukwa umatuluka ndi njerwa. Dulani, dikirani mizu iume, ndipo muichotse pang'onopang'ono pokonza khomalo. Mankhwala a chiswe athiridwe ndi munthu wodziwa, kutali ndi mjigo kapena chitsime.

Chifukwa chake simenti si bwenzi la khoma lakale

Apa ndi pamene padzabuke mkangano ndi amisiri, ndipo ndi bwino kuti komiti imvetse nkhaniyi kuti isagonje. Njerwa zakale zowotchedwa pa uvuni wa nkhuni ndi zofewa ndipo zimamwa madzi, koma zikamangidwa ndi dothi kapena laimu zimaumanso msanga, chifukwa chinyezi chimatulukira m'mizere ya pakati pa njerwa. Simenti ndi yolimba kuposa njerwazo ndipo siilola chinyezi kutuluka mosavuta. Mukamata khoma lakale ndi pulasitala wa simenti, madzi okwera kuchokera pansi amatsekeredwa m'kati, amakwera pamwamba kufunafuna potulukira, ndipo njerwa zimafumbutuka kuseri kwa pulasitala wooneka bwinoyo. Ndidaonapo khoma la kalasi ina yakale limene anthu a mtima wabwino adalimata chotere, ndipo patangopita madzinja awiri pulasitalayo adayamba kugwa m'zibenthu zazikulu atamatirira nkhope za njerwa, khoma n'kutsala lopyapyala kuposa kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lamulo lake ndi lakuti mukonze ndi chomwe adamangira. Kuti muchidziwe, kandani mzere wa pakati pa njerwa ndi msomali. Ukafumbutuka n'kukhala dothi lofiira kapena lotuwa, nyumbayo idamangidwa ndi dothi. Ukakhala woyera, wa timibulu toyera, ndipo kachidutswa kake kakuchita thovu mukakathira viniga, ndi laimu. Khoma la dothi likonzedwe ndi dothi lofanana nalo, losakaniza ndi mchenga kuti lisang'ambike pouma, ndipo kunja kwake kokha kutsekedwe ndi laimu. Pogula laimu nenani momveka kuti mukufuna womangira, chifukwa laimu wothira m'munda ndi mwala wongopera umene suuma n'kugwira ngakhale mutadikira chaka. Thirani laimuyo mu mgolo wa madzi, takasani mpaka akhale ngati phala lolimba, ndipo msiyeni atamira m'madzi kwa masiku angapo. Akakhalitsa ndi pamene amakoma kugwiritsa ntchito. Muyezo wozolowereka ndi gawo limodzi la laimu pa magawo atatu a mchenga. Mchenga ukhale wamtsinje, wokhakhala ndi wosefa, osati wosalala kwambiri wa m'mphepete mwa nyanja. Kuti muuyese, uthireni m'botolo la madzi, khutchumulani, ndipo ukadikha muone kukula kwa matope amene akhala pamwamba pake. Akachuluka, mchengawo utsukidwe. Laimu amawotcha khungu ndi maso, choncho magolovesi ndi magalasi oteteza maso si zapamwamba ayi.

Pokonza mizere, kokotani zofumbutuka ndi kachitsulo ka m'manja mpaka kuya kwake kukhale kowirikiza kawiri kukula kwa mzerewo, osagwiritsa ntchito makina odulira amene amadya m'mphepete mwa njerwa. Nyowetsani khoma, kanikizani laimu m'kati mwamphamvu, ndipo musamupake pankhope pa njerwa. Laimu amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya, ndipo akauma mofulumira amangosanduka ufa. Pa kutentha kwa kuno kunyanja zimenezi zikutanthauza kugwira ntchito m'mawa ndi madzulo, kuphimba khoma ndi ziguduli zonyowa, ndi kuliwaza madzi kwa sabata yathunthu. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yabwino pa ntchito imeneyi. Yambani ndi kachigawo ka mita imodzi kuseri kwa nyumba, mudikire milungu iwiri, ndipo komiti ikakhutira, kachigawoko kakhale chitsanzo chimene mmisiri adzayezedwa nacho polandira malipiro.

Njerwa zosweka zichotsedwe imodziimodzi. Zina zimangofunika kuzitembenuza kuti nkhope yabwino iyang'ane kunja. Zolowa m'malo zifanane ndi zakale pa kukula ndi kufewa, ndipo gwero labwino ndi bwinja la nyumba ya aphunzitsi kapena chimbudzi chakale cha pamalo pomwepo, mutachijambula kaye musanatolepo. Kuchita chotere kumapewetsanso kutentha uvuni watsopano, poti kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za mabungwe. Mabuloko a simenti asalowe m'khoma la njerwa zakale.

Mazenera, pansi ndi zina za m'kati

Amene adajambula mapulani a sukulu za Rosenwald adadziwa kuti kumudzi kulibe magetsi, choncho adaika mazenera ataliatali ondandalikana moyang'ana kummawa kapena kumadzulo, ndipo madesiki ankaikidwa moti kuwala kuzichokera kumanzere kwa mwana kuti dzanja lolembera lisachite mthunzi pa pepala. N'chifukwa chake okonza sukuluzo amalimbikira kubwezeretsa mazenera pa kukula kwake koyamba. Kwathu kuno mazenera ambiri adatsekedwa ndi njerwa chifukwa cha akuba kapena kusowa kwa magalasi, ndipo malire ake amaonekabe m'khoma. Atseguleni potsata malirewo. Felemu yakale ikonzedwe polumikiza thabwa pamene pawola, ndipo mahinjesi ndi zotsekera zakale zitsukidwe dzimbiri n'kubwezeredwa pa nambala yake ija. Ngati chitetezo chikufuna zitsulo, ziikidwe m'kati mwa felemu, mosabowola njerwa. Ngati akuluakulu akuchitira umboni kuti mazenera sadakhalepo ndi magalasi koma zitseko za matabwa, bwezeretsani zitsekozo.

Pano ndiyenera kunena maganizo anga mosabisa. Chiyeso chachikulu pa ntchito yotere ndi kufuna kuti nyumbayo ioneke yapamwamba, ya matailosi, siling'i yoyera ndi penti wonyezimira, kuti alendo a pa tsiku lotsegulira asangalale. Koma umphawi wa nyumbayo ndiwo umboni wake. Ngati ana makumi asanu ndi limodzi ankakhala pa timipando ta dothi m'chipinda chimodzi pamene ana a azungu ku Zomba ndi ku Blantyre ankaphunzira m'nyumba zabwino, mdzukulu wathu ayenera kuziona ndi maso ake, ndipo matailosi amamunamiza. Pansi pa njerwa kapena pa simenti yakale pazigambidwe pokhapo pamene pawonongeka. Bolodi lomatidwa pakhoma lisiyidwe, ndipo ngodya imodzi ya chipinda ikonzedwe monga momwe idalili, ndi sileti ndi belu lakale ngati zapezeka. Makoma apakidwe laimu wosungunula ngati mkaka, mopyapyala, katatu kapena kanayi pa khoma lonyowetsa, osati penti wa mafuta amene amatseka chinyezi ngati simenti yomwe ija.

Zatsopano zofunikadi zisakanidwe. Njira yotsetsereka yolowera anthu oyenda pa njinga za aulumali imangidwe mosagumula masitepe akale. Mawaya a magetsi adutse m'mapaipi pamwamba pa khoma m'malo mosema njerwa, ndipo sola ikhoza kuima pa nsanja yakeyake kuseri kwa nyumba. Muyezo wake ndi wakuti chilichonse chowonjezera chithe kudzachotsedwa osasiya bala.

Za ndalama sindichulukitsa mawu. Gawani ntchito m'zigawo zoti chilichonse chithe pachokha, kuti thumba likauma nyumba isatsale yosafolera. Njira ya Rosenwald, yoti mudzi uyambe wasonkha gawo lake wothandiza asanaikepo lake, imagwirabe ntchito, ndipo mchenga, madzi ndi masiku a ntchito zilembedwe m'buku pa mtengo wake kuti popempha ku thumba la chitukuko cha m'dera (CDF) kapena kwa ana a mudziwo okhala ku Lilongwe ndi ku Johannesburg muzionetsa zimene mwachita kale. Akaunti ikhale ya osainira atatu, malisiti amatidwe pa bolodi la sukulu, ndipo mmisiri alipidwe chigawo chikatha ndi kuyenderedwa. Patulani ndalama ina yapadera, chifukwa denga likatsegulidwa pamapezeka zowola zimene palibe adaziona.

Mawu a pachikwangwani

Chikwangwani cha mbiri chilembedwe m'Chichewa poyamba, Chingerezi pambuyo. Chitchule chaka chomangira ngati chatsimikizika, ndipo ngati pali zaka ziwiri zosemphana chinene kuti akuluakulu ena akuti chakuti pamene buku la mpingo likuti chakuti. Chisathere pa dzina la mmishonale yekha. Aphunzitsi achikuda oyamba, mfumu imene idapereka malo ndi midzi imene idaumba njerwa zilembedwe, mabanja awo atavomereza. Chinenenso za amene adatsala kunja, monga ana osowa fizi, atsikana, ndi ana a mabanja ambiri achisilamu amene makolo awo ankaopa kuti sukulu ya mishoni iwasintha chipembedzo. Ku Nkhotakota nkhani imeneyi ndi ya mabanja ochuluka, choncho mawuwo awerengedwe pamaso pa a mfumu, a shehe ndi abusa asanapite kwa wolemba zikwangwani. Mayina a opereka thandizo ndi a alendo olemekezeka alembedwe pa chikwangwani china choima pachokha, osati pa mwala wokhomedwa m'khoma lakale.

Ntchito ikatha, gulani buku lachikuto cholimba limene lizikhala m'nyumbamo, ndipo patsamba loyamba lembani zonse zimene zasinthidwa, muyezo wa laimu ndi mchenga umene mudagwiritsa ntchito, ndi kumene mchengawo udatengedwa. Chaka chilichonse mu Okutobala anthu awiri akwere kukaona misomali ya malata ndi kukokola ngalande, mvula yoyamba yamphamvu ikagwa wina azungulire nyumbayo ndi ambulera monga poyamba paja, ndipo mu Meyi afufuze timisewu ta chiswe m'makoma ndi m'mitengo ya denga. Laimu wotsala asatayidwe. Akasiyidwa mu mgolo wotseka bwino, madzi atamuphimba pamwamba, amakhala zaka osawonongeka, ndipo adzakhala pafupi tsiku limene mzere woyamba udzayambe kufumbutuka.